Ndili ndi CCJ: Kodi Banki Ingandipatse Ngongole Yogulira Nyumba?

Owerenga athu ena okhala ku Leicester alemba motere: "Poona mbiri yanga ya ngongole ndapeza kuti khoti linandigamula zaka zinayi zapitazo pa ngongole ya £1,900. Makalata onse ankapita kunyumba yomwe ndinasamukako kale. Chaka chamawa ndikufuna kugula nyumba. Ndilipire kapena ndingodikira?"

Chigamulo chimenechi ku England ndi Wales amachitcha County Court Judgment, mwachidule CCJ, ndipo chimakhala m'kaundula wa zigamulo zaka 6 kuchokera tsiku limene khoti linagamula. Munthu akalipira zonse pasanathe mwezi umodzi, chimafufutidwa. Inu mwezi umenewo unakudutsani kalekale, ndiye mukalipira lero CCJ yanu sichoka. Angoilemba kuti "satisfied", kusonyeza kuti munamaliza kubweza, koma izioneka mpaka zaka 6 zikwane.

Musanatulutse ndalama, fufuzani pa TrustOnline, webusaiti yoonerapo kaundula wa zigamulo uja, kuti mupeze nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi tsiku lachigamulo. Muonenso mbiri yanu ku Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu. Kenako imbani kukhotiko mufunse amene anakusumirani, chifukwa ngongole zakale zimagulitsidwa, ndipo mwini wake lero akhoza kukhala kampani yomwe simunaimvepo.

Nkhani ya makalata ija ndi yomwe ingakutsegulireni njira. Mungathe kupempha khoti, kudzera pa fomu N244, kuti lichotse chigamulocho. Koma musaione mopepuka. Pali ndalama yolipira, woweruza adzafuna kuona kuti munachitapo kanthu msanga mutangodziwa, ndipo kungonena kuti ndinasamuka sikukwanira ngati kampaniyo inatumiza masamoni ku adiresi yomaliza imene inkaidziwa. Nthawi zambiri mumafunika kusonyezanso kuti muli ndi poyimira pa mlanduwo: mwina ndalamayo ndi yolakwika, mwina munalipira kale, mwina panali patadutsa zaka 6 musanalipireko kapena kuvomera ngongoleyo polemba pamene ankakusumirani. Makampani ena amavomera kusayinirana nanu kuti chigamulo chichotsedwe mukawapatsa ndalama zawo zonse. Afunseni, palibe chimene mungataye. Dziwani kuti chigamulo chikachotsedwa ngongole siifa, mlandu umangobwerera poyambira.

Ngati ngongoleyo ndi yanudi ndipo mulibe chodzitetezera, lipirani. Lipirani kudzera kubanki, sungani umboni, ndipo pezani satifiketi ya khoti yotsimikiza kuti munamaliza, yomwe amafunsira pa fomu N443. Ambiri amagwa pa nkhani yochotserana. Kampani ikati mupereke £1,200 nkhani ithe, musatumize kanthu asanalembe kuti ndalamayo yatseka ngongole yonse komanso kuti adziwitsa khoti. Kupanda kutero, kaundula azionetsabe kuti simunalipire.

Zodikira kuti zaka ziwiri zotsalazo zithe osalipira, ine sindikulimbikitsani. CCJ idzachokadi m'mbiri yanu, koma ngongoleyo idzatsala, ndipo mukagula nyumba mwini ndalama akhoza kupempha khoti kuti aikolowetse pa nyumbayo.

Mabanki akuluakulu ambiri amakana munthu amene CCJ yake sinalipidwe. Obwereketsa ena apadera amalandira, makamaka ikakhala yakale komanso yolipidwa, koma amafuna dipoziti yokulirapo ndi chiwongoladzanja chokwera. N'chifukwa chake kuchotsa £1,900 pa ndalama zomwe mwasungira dipoziti n'kwanzeru kuposa kupita kubanki ngongoleyo ili chikhalire. Musamangoponya mafomu kubanki iyi ndi iyo poyesa mwayi, chifukwa kufufuza kwawo kumasiya chizindikiro m'mbiri yanu. Pitani kwa broker (mkhalapakati wothandiza kupeza ngongole ya nyumba) wodziwa za anthu a CCJ, mumuuze zonse, ndipo akuwerengereni kusiyana kwa kugula chaka chamawa ndi kugula CCJ itachoka. Fomu yofunsira ngongole ya nyumba ikafunsa za zigamulo, yankhani zoona. Kunama pamenepo ndi mlandu wachinyengo.

Musanalembe N244, lankhulani ndi National Debtline, StepChange kapena Citizens Advice. Uphungu wawo ndi waulere.