Kilatchi ikukana masana koma mafuta sakutsika: musatsitse kaye giyabokosi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Mpondasi, konkuno ku Mangochi. Ali ndi Toyota Hilux yadizilo ya 1994, ija ya injini ya 3L, yomwe anaigula itakhala pamiyala zaka zingapo ndipo akhala akuidzutsa pang'onopang'ono. Chatsala ndi kilatchi. Akuti m'mawa magiya amalowa bwinobwino, koma ikatentha masana giya yoyamba imakana, rivesi imachita kukukuta mano. Akaponda pedulo n'kudikira, galimoto imayamba kukwawa yokha phazi lili pansi. Akapopa kawiri katatu, giya imalowa. Mafuta a kilatchi m'kabotolo kake sakutsika. Anasintha slave cylinder, kachipangizo kokankha kilatchi pambali pa giyabokosi, mpweya wa m'njira ya mafuta anachotsa mobwerezabwereza, koma matenda ali pomwepo. Makaniko wawo akuti giyabokosi itsike, asinthe clutch plate, mbale yolumikiza injini ndi giyabokosi, ndi pressure plate yomwe imaipanikiza. Ndiye akufunsa: itsike?

Achimwene, isatsike kaye. Zonse mwafotokozazi zikuloza pamwamba, pa master cylinder, kachipangizo kali kuseri kwa pedulo kamene kamamasuka ndi manati awiri ndi paipi imodzi.

Clutch plate ikatha imatsetsereka. Mumaidziwa pokwera mapiri a ku Namwera mutanyamula katundu: mukuponda moto, injini ikulira, liwiro osawonjezeka, kenaka kafungo ka chinthu chopsa. Yanuyi ikuchita zosiyana. Ikugwira, koma ikukana kusiya. N'zoona kuti plate yopindika, kapena yomwe yachita dzimbiri pa shafuti, imakananso kusiya, ndipo galimoto yokhalitsa pamiyala imachita zimenezo. Koma chitsulo chopindika sichimva kupopa. Mungapope mpaka mwendo kutopa, chikhalabe chopindika. Vuto limene limachoka mukapopa, n'kubweranso mukagwira pedulo kanthawi, lili m'njira ya mafuta.

M'kati mwa master cylinder muli pisitoni yovala labala. Mukaponda, labalayo amakankha mafuta kudzera m'paipi mpaka ku slave cylinder, ndipo iyo imakankha foloko, chitsulo champhanda chomwe chimamasula kilatchi. Labala akatha, mafuta amazemba m'mbali mwake n'kubwerera m'kabotolo momwe anachokera. Pansi sipadontha kanthu, kabotolo kamakhala kodzadza, n'chifukwa chake anthu ambiri saikayikira. Zili ngati pampu ya njinga yotha chikumba: mukaitsitsa mwamphamvu imapopa, mukaitsitsa pang'onopang'ono mpweya umangothawira m'mbali. Kukwawa kwa galimoto phazi lili pansi ndi kumeneko. Mafuta akuthawa, foloko ikubwerera, kilatchi ikugwira yokha.

Musandikhulupirire chabe, yesani, ndipo sipafunika ndalama. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, injini yozima, handibuleki yokoka, miyala kumatayala. Pezani mnzanu akhale pampando, inu mugone pansi ndi tochi pomwe mukuiona slave cylinder, pambali pa giyabokosi. Pa Hilux yanuyi ili panja, poonekera, osati ngati magalimoto ena atsopano omwe anaibisa m'kati. Mnzanuyo aponde mpaka pansi, asasunthe phazi kwa mphindi yathunthu. Yang'anitsitsani kandodo kamene kakukankha foloko. Kakatuluka n'kuima nji, master ili bwino. Kakayamba kubwerera pang'onopang'ono, popanda dontho lililonse, mlandu watha. Chitani zimenezi galimoto itangobwera kumene kuulendo, ikadali yotentha, chifukwa m'mawa labala wotopa amanamiza.

Mukadzuka pamenepo lowetsani mutu pansi pa chiwongolero. Tsatirani pedulo m'mwamba mpaka pomwe kandodo kamalowa m'khoma la injini, mugwirepo ndi chala. Pakakhala ponyowa, kapena penti itasupuka kutsika m'munsi, ndiye kuti labala wakumbuyo nayenso wayamba kutaya. Mafuta a buleki, omwe ndi amene timathiranso mu kilatchi, amadya penti, ndiye amasiya umboni. Pali kapaipi kena ka labala pakati pa paipi yachitsulo ndi slave cylinder. Kagwireni m'manja mnzanu akuponda. Kakamafufuma, mphamvu ina ikuthera pamenepo, ndipo pagalimoto ya zaka zoposa 30 ine ndimangokasintha osafunsa.

Nanga bwanji masana okha? Kutentha kwathu kuno mukukudziwa, makamaka mu Okutobala, ndiye onjezani moto wa injini pansi pa boneti. Mafuta akatentha amapyapyala, labala amafewa, mpata womwe m'mawa unali wochepa umakula. Komanso m'tauni phazi silichoka pa kilatchi: pa raundabauti, pamsika, podikira akabaza ndi njinga zamoto polowera pa mlatho wa Bakili Muluzi. Pamsewu wa ku Monkey Bay, pomwe mumangoponda n'kusiya, mwina vutoli simulimva n'komwe.

Simunandiuze mtundu wa mafuta ali m'kabotolomo, koma ndikuganiza kuti ndi akuda. Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amamwa chinyezi cha mumpweya. DOT 3 watsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amatsika kufika cha m'ma 140. DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsika kufika 155. Pa kilatchi kuwira si nkhawa yaikulu ngati pa buleki. Choopsa n'chakuti madziwo amadya khoma la m'kati mwa silinda, khomalo limachita timaenje, timaenjeto n'kumapala labala nthawi iliyonse mwaponda. Kuda kwa mafutako ndi labala wanu amene wasungunukiramo. Galimoto yoima zaka zambiri m'mbali mwa Shire, mafuta osasinthidwa, sipangalephere zimenezi. Ndipo ngati slave yatsopano ija munaidyetsa mafuta akale omwewo, yayamba kale kudwala.

Pokagula mudzapeza zinthu ziwiri: kiti ya malabala, yotchipa, ndi master yathunthu. Musanasankhe masulani yakaleyo, mutulutse pisitoni, muunike m'kati, muyendetsemo chala. Mukakhala mosalala ngati galasi, kiti ikwanira. Mukamva pokanda paliponse, kiti ndi kutaya ndalama, labala watsopano satha mwezi. Amakaniko ena amapalamo ndi sandipepa, koma ngati silinda yake ndi ya aluminiyamu kumeneko n'kuimaliza. Ine pagalimoto yomwe munthu akuikonda ndimati gulani yathunthu. Zambiri zomwe Toyota imaika kufakitale zimapangidwa ndi kampani ya Aisin, ndiye mukapeza yeniyeni ya dzina limenelo, kaya ku Limbe kaya ku Lilongwe, tengani, koma bokosi lokha lisakukopeni poti mabokosi amasindikizidwa ndi aliyense. Nyamulani yakale ija mukayerekeze mabowo a mabawuti, polowera paipi ndi kukula kwa silinda. Zambiri za Toyota zimalembedwa 5/8 pambali.

Mafuta gulani botolo lomata, la DOT 3 kapena DOT 4, osati oyezedwa m'kabotolo kotsegula. DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanizidwa ndi enawa. Oyilo wa injini, mafuta a pawa siteringi, ngakhale ophikira amene madalaivala ena amathira akasowa pogwira panjira ya ku Makanjira, onsewa amatupitsa labala. Zikalowa zimenezo mumasintha master, slave ndi kapaipi komwe.

Kuchotsa mpweya ndi pomwe anthu ambiri amagwa ulesi. Master yatsopano ithireni mafuta isanamangidwe, muikankhe ndi dzanja mpaka thovu lileke kutuluka. Mukaimanga, vekani kapaipi koonekera m'kati pa nipo ya slave, kabawuti kotulutsira mpweya, mbali inayo muimize m'botolo lokhala ndi mafuta pang'ono. Mnzanu apope modekha katatu, agwire pansi, inu mutsegule nipo, mutseke, ndiye iye asiye. Kutseka kuyambe, kusiya kutsatire. Mukasemphana apa mpweya umabwerera, ndipo mutha kukhalapo tsiku lonse mukukalipirana. Kabotolo kapamwamba ndi kakang'ono, kamauma msanga, muzikathirira pafupipafupi. Pitirizani mpaka mafuta otuluka afanane ndi amene mukuthira.

Chomaliza pa ntchitoyi ndi kandodo ka pedulo, komwe kali ndi nati yochunira. Pedulo iyenera kukhala ndi kampata koyenda yokha isanayambe kulimba, mamilimita 5 mpaka 15 pa ma Toyota amenewa. Yezani ndi lula, mukukankha ndi chala. Pali chizolowezi chotalikitsa kandodoka kuti kilatchi "ikwere". Mukapyoza, pisitoni siibwerera mpaka kumapeto, kabowo kobwezera mafuta m'kabotolo kamatsekeka, mafuta akatentha amasowa kopita, kilatchi n'kuyamba kutsetsereka. Apo ndiye plate yabwinobwino imapsa, giyabokosi n'kutsikadi. Muonenso kapini kolumikiza kandodoka ndi pedulo. Kakadyeka, bowo lake n'kukhala lotalika, phazi limayenda ulendo wopanda ntchito.

Makaniko wanu ndimupatsa chilungamo chake pamfundo imodzi. Ngati kandodo ka slave kakutuluka mokwanira, kakuima osabwerera, koma magiya akukanabe injini ikulira pomwe ikazima akulowa, vuto lili m'kati: foloko yong'aluka, plate yomatirira, kapena pilot bearing, yomwe imakhala kunsonga kwa shafuti ya giyabokosi, itagwira. Pamenepo itsike, ndipo ikatsika musinthiretu pilot bearing ndi release bearing, yomwe imakankhidwa ndi foloko, muonenso ngati silo yakumbuyo kwa injini sikudontha, kuti musadzaitsitse kawiri.

Podikira sipeya, mukaima paliponse bwezani giya pa nyutulo m'malo mogwira pedulo, chifukwa galimoto yokwawa yokha pamsika ikhoza kugunda munthu. Rivesi ikamakana, zimitsani injini, lowetsani giya, popani, ndiye mulize mutaona kaye kuti kumbuyo kulibe munthu. Kukukutako kukudya mano a giya, omwe mtengo wake suyandikana ndi wa master. Ulendo wa ku Namwera kapena wotsikira ku Chembe uyambe wadikira.