Tifunseni: Kodi bambo ake a William mu filimu ija ndi Mmalawi?

FUNSO: Akonzi, ine ndili kuno ku Joni, ndimameta anthu pa saluni ina ku Rosettenville. Loweruka lapitali makasitomala atachepa tinaika filimu ija ya mnyamata wa ku Kasungu wopanga magetsi ndi mphepo, The Boy Who Harnessed the Wind, basi mkangano buu, mnzanga wa ku Mangochi akuti amene akusewera ngati bambo ake a William ndi Mmalawi wokulira kunja nchifukwa chake Chichewa chake chili chokhota, ine ndikuti ayi ameneyu ndi wa ku Nigeria. Tabetcherana R200, tatiweruzani.
Wometa, Rosettenville, Johannesburg

YANKHO: Achimwene, ndalamayo katengeni koma mnzanuyo mumugulireko Fanta chifukwa nanunso mwangokhoza theka. Bamboyo ndi Chiwetel Ejiofor, makolo ake ndi a mtundu wa Igbo a ku Nigeria inde, koma iye anabadwira ku London mu 1977 ndipo anakulira konko. Magazi a Chimalawi alibe ngakhale dontho.

Mukadzaikanso filimuyo, imitsani pomwe nkhope yake yayandikira, muona chipsera pamphumi. Si cha mekapu chimenecho. Ali ndi zaka 11 banja lawo linapita ku Nigeria ku ukwati, galimoto imene anakwera ndi bambo ake inachita ngozi, bambowo omwe anali dokotala anamwalira, iye nkupulumuka atavulala kwambiri. Ine ndikamuona akusewera ngati Trywell Kamkwamba, bambo wouma mutu uja wokanira njinga yake mwana akuipempha kuti aiphwasule, ndimakumbukira zimenezo.

Anayambira zisudzo za pa siteji, kenako Steven Spielberg anamutenga mu Amistad ya 1997 akadali mnyamata. Imene inamutchukitsa dziko lonse ndi 12 Years a Slave ya 2013 momwe anali Solomon Northup, anapata mphoto ya BAFTA koma ya Oscar inamudutsa pakamwa, anatenga Matthew McConaughey. Ana anu amamudziwa ngati Mordo wa mu Doctor Strange, komanso ndi iye analankhula mawu a Scar mu The Lion King ya 2019. Poti muli ku Joni, funafunani Endgame ya 2009, mmenemo akusewera ngati Thabo Mbeki pa zokambirana zachinsinsi zothetsa tsankho, muwaonetse makasitomala anu a kuno mumve zomwe anene.

Tsopano za Chichewa chokhotacho, mnzanuyo makutu ake ali bwino, nafenso tinaseka, mawu ena ukuchita kuwerenga Chingerezi cha pansi pa sikirini kuti umve chomwe wanena m'chilankhulo chako chomwe. Koma dziwani kuti filimuyo anailemba yekha kuchokera m'buku la William Kamkwamba, anaiwongolera yekha, inali filimu yaitali yoyamba yake kuwongolera, ndipo akanatha kungoijambula kuno ku South Africa m'Chingerezi chokhachokha palibe akanamuletsa. Iye anapita kukajambulira ku Kasungu komweko nkukhala pansi kuphunzira Chichewa ali ndi zaka pafupifupi 40. Enafe zaka teni kuno Chizulu chathu chimathera pa sawubona ndi kupempha chenje mu tekisi.

Ndipo si iye yekha wakunja mu filimuyo, amene anasewera William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, amene anasewera mayi ake a William ndi Aïssa Maïga wobadwira ku Senegal. Ngati mnzanuyo akufuna Mmalawi weniweni, amvetsere Annie mchemwali wa William, ameneyo ndi Lily Banda, lilime lake silipunthwa.