Kodi ubongo wa mbewa "umatupa"?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Aphunzitsi, ndikumasulira nkhani ya kafukufuku, akuti mbewa zikapanda enzaimu inayake ubongo wake umachita inflammation. Ndilembe kuti ubongo umatupa? Nanga enzaimuyo ndingati michere?"

Michere ayi ndithu akulu. Anthu akamva michere amaganiza za ayironi, kashiamu ndi zina zopezeka m'zakudya, pomwe enzaimu ndi puloteni yomwe thupi limapanga lokha kuti izifulumizitsa ntchito monga kuphwanya mafuta m'maselo. Ingolembani enzaimu basi, mufotokoze kamodzi koyambirira.

Pa kutupa ndiye pali nkhani. Mawuwa siwolakwika, achipatala amawagwiritsa ntchito, koma munthu wamba akamva kutupa amaona phazi lofufuma loti ukadina chala pamatsala dzenje, chonsecho pa matenda ngati a Alzheimer, oiwalitsa anthu okalamba aja, ubongo sufufuma ayi, umachita kunyala pang'onopang'ono chifukwa maselo ake akufa. Chomwe chimachitika nchoti timaselo tolondera ubongo totchedwa microglia, tomwe wasayansi wa ku Spain Pío del Río Hortega anatifotokoza mu 1919, timadzuka kukachotsa zinyalala, nde tikapanda kuleka makemikolo omwe timatulutsa aja amayamba kuvulaza maselo abwinobwino. Ine ndikanalemba kuti "chitetezo cha muubongo chimalusa mpaka kuwononga maselo ake omwe". Ndi mawu ambiri, eya, koma wowerenga sasochera. Mukatero kamodzi, kutsogoloko mutha kumangoti kutupa.

China chomwe simunafunse koma ndachiona m'chiganizo chanu: kusowa ndi kuchepa si chimodzi. Mbewa zambiri za mu labu amazichotseratu jini (malangizo a m'maselo omwe amachokera kwa makolo) yopanga enzaimuyo, luso lomwe linapatsa Mario Capecchi, Martin Evans ndi Oliver Smithies mphoto ya Nobel mu 2007, apo enzaimu palibiretu ndiye "kusowa" kukhoza. Koma kwa anthu nthawi zambiri imakhalapo, kungoti ndi yochepa kapena ikugwira ntchito mofooka. Mwachitsanzo jini ya GBA1, munthu akatengera yolakwika kwa makolo onse awiri amadwala matenda a Gaucher (mafuta ena amaunjikana m'maselo), akatengera kwa kholo limodzi chiopsezo cha Parkinson, matenda onjenjemeretsa aja, chimakwera. Apa nenani "kuchepa" kapena "kuperewera".

Komanso chonde pamutu wa nkhaniyo musalembe kuti "apeza mankhwala". Lembani kuti "kafukufuku wa pa mbewa akusonyeza", poti zambiri zomwe zinayenda bwino pa mbewa zinakakanika atayesa pa anthu.