Za kaboti ka rimoti: yambani mwapeza madzi, achimwene

Achimwene, mwati mlamu wanu ali ku Joni akubwera pa Khirisimasi, ndiye mukufuna akugulireni kaboti ka rimoti koti muzisewera ndi mwana wanu wa zaka 9, ndipo mukufunsa kuti kothamanga kwambiri ndi kati. Ndaona ena ayankha kale kuti zimenezo ndi zidole za ana a mabwana. Asiyeni amenewo. Ine pano imvi zili mbuu koma ndili ndi timaboti titatu, ndipo ndikuyankhani ngati munthu amene ndalama zake zinamirapo kale m'madzi.

Za liwiro zidikire kaye. Ndiuzeni, mukakayendetsa pati? Kuno ku Lilongwe chosowa si boti, ndi madzi oyendetsapo. Mtsinje wa Lilongwe ndi Lingadzi muichotseretu m'maganizo. Dzinja madzi ake amathamanga, ali psuu ndi dothi, ndipo boti likangozima pakati ndiye kuti mwatsanzikana nalo. Chilimwe madzi amaphwera, miyala ili poyera, majumbo ndi ndere zili mbwee. Jumbo limodzi lokha likakulunga pulopela, mota imalimbana nalo mpaka kutentha, kenako mumangomva kafungo ka waya wopsa. Komanso mu Lingadzi, cha ku nkhalango ija ya pakati pa Old Town ndi City Centre, muli ng'ona.

Madzi abwino ali ku Kamuzu Dam ku Malingunde, otakasuka, odekha nthawi zambiri. Koma ndi madzi omwe aja timamwa mumzinda muno, eni ake ndi a Lilongwe Water Board, choncho mukayambe mwapempha chilolezo, osangofika n'kuponya boti. Kupatula kumeneko, alipo madamu ang'onoang'ono a m'mafamu, maiwe a nsomba ngati mwiniwake wakulolani, ndi maiwe osambiramo a m'malo ogona alendo. Maenje aja otsala akaumba njerwa, amene amadzaza mvula ikagwa, mwana musamuzolowetse. Kuya kwake sikuoneka, ndipo tsiku lina adzapitako yekha inu muli kuntchito.

Kunyanja ku Senga Bay n'kosangalatsa, koma si ulendo wa Loweruka lililonse. Ndiponso mwera ukayamba, makamaka June mpaka Ogasiti, funde lomwe inu mukuliona ngati laling'ono, kwa kaboti ka masentimita 40 ndi phiri. Mukapitako, lawirirani m'mamawa nyanja isanadzuke.

Madzi mukawadziwa, kukula ndi liwiro la boti zimadzisankha zokha. Tiwerengetsere. Boti lolembedwa pa katoni kuti limathamanga makilomita 45 pa ola limadutsa mamita 12 ndi theka pa sekondi imodzi. Dziwe losambiramo la mamita 25 lalimaliza pa masekondi 2. Mwana wa zaka 9 asanaganize n'komwe zokhota, mphuno ya boti yaphwanyika kale pakhoma. Padziwe laling'ono kamakwanira kaboti ka masentimita 30 kapena 35 kothamanga makilomita 20 kapena 25 pa ola. Padamu ndi pomwe pamafunika la masentimita 45 mpaka 60, chifukwa kakang'ono kakapita patali simuonanso kuti kutsogolo ndi kuti.

Pa kapangidwe, tengani lomwe kunsi kwake kuli ngati chilembo cha V. Limang'amba timafunde ndipo limakhululuka mukalakwitsa. Aja a mimba ziwiri, otchedwa catamaran, amathamanga mokoma pa madzi a bata, koma akagadabuka amangokhala chagada basi. Ndiye mlamu wanuyo akayang'ane mawu akuti self-righting pa katoni. Limenelo likagadabuka mumangoseweretsa mota pa rimoti, lokha n'kutembenuka. Pa zonse ndalemba pano, ichi chokha musanyengerere.

Chifukwa chake ndi ichi. Langa loyamba linalibe zimenezo. Tsiku lachiwiri lenilenilo, padamu la pafamu ina cha ku Mitundu, ndinakhota mwamphamvu, boti lija gada, pakatikati. Tinakhala pamtunda maola awiri kudikira kuti mphepo ilikankhe, dzuwa likuswa mtengo, tianyamata toweta ng'ombe tikundiseka. Kamodzi kanati, "Bwana, mutipatsa zingati tikalitenge?" Ndinakana. Sindikanatha kukaima pamaso pa mayi ake mwana atamira chifukwa cha pulasitiki. Pamene limafika m'bango, madzi anali atalowa mkati, zamagetsi zonse zitatha. Chiyambire tsiku limenelo sindichoka pakhomo popanda mtengo wowedzera wokhala ndi chopukusira twayini. Kumapeto kwa twayini ndinamangako kampira ka tenesi. Mumaponya kupitirira boti, n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka twayini akole. Lamulo kwa mwana likhale limodzi: boti salitsatira m'madzi. Si kumira kokha, madzi oima okhala ndi nkhono ndiwo kwawo kwa likodzo.

Mota zilipo za mitundu iwiri. Ya brushed ndi yotchipa, yofatsa, koma imaperepeseka msanga. Ya brushless ndi yamphamvu, imakhalitsa, mtengo wake ndi wokwererapo. Ngati woyendetsa kwenikweni akhale mwana padziwe laling'ono, ya brushed yakwana. Ngati mumtima mukudziwa kuti mwana ndi chophimbira chabe, wofuna kusewera ndinu, tengani ya brushless, koma rimoti yake ikhale yotheka kuchepetsa mphamvu mwana akaigwira. Maboti abwino amakhala ndi kapaipi kolowetsa madzi ozizitsa mota. Likamayenda muziona timadzi tikutuluka m'mbali. Tikasiya kutuluka, imani, kapaipi katsekeka ndi zinyalala.

Rimoti ikhale ya 2.4GHz. Zidole zakale za 27MHz sizifika patali, ndipo awiri mukakhala pamodzi zimasokonezana. Onetsetsaninso kuti boti lili ndi chiwongolero chenicheni kumbuyo, choti mukapotoza pang'ono limakhota pang'ono. Tija totchipa kwambiri timakhota pozimitsa mota imodzi mwa ziwiri, ndipo mwana saphunzirapo kanthu. Pajatu masewerawa si a dzulo. Nikola Tesla anaonetsa boti loyendetsedwa ndi wailesi ku Madison Square Garden ku New York mu 1898. Amene akuti ndi zachibwana mukawauze zimenezo.

Tsopano batire, pamene ambiri amakhumudwira. Pa vidiyo saonetsa kuti boti lothamanga limatha batire pa mphindi 6 mpaka 10, pomwe kutchaja kumatenga ola kapena kupitirira. Tangoganizani, mwawotcha mafuta kupita ku Malingunde, mwana wasangalala mphindi 8, basi tizipita. Gulani mabatire atatu ngati n'kotheka. Ambiri ndi a LiPo, ndipo amenewa ali ndi miyambo yawo. Mkati mwake muli timabatire totchedwa maselo, selo iliyonse ndi mavoti 3.7, ikadzadza 4.2. Batire lolembedwa 2S lili ndi maselo awiri, ndi la mavoti 7.4, la 3S lili ndi atatu, ndi la 11.1. Musaike la 3S m'boti lopangidwira 2S poganiza kuti lithamange, mupsereza. Musalimalizenso mpaka kufa, selo ikatsika kupyola mavoti 3 batire limawonongeka. Boti likangoyamba ulesi, bwerani nalo kumtunda. Ngati mukhala milungu osasewera, lisungeni lili pa 3.8 selo iliyonse, osati lodzadza.

Batire la LiPo likafufuma kapena kubooka limayaka moto woopsa. Ine ndimatchajira pa simenti, batire lili mu mphika wadothi, ndili pomwepo. Osatchaja usiku mutagona, osalisiya m'galimoto yotseka pa dzuwa la Okutobala. Chaja ikhale yolinganiza maselo, ndipo ngati ingapezeke yotha kulumikiza ku batire la galimoto la mavoti 12, ndiye mwapata. Magetsi akathima kunyumba simudandaula, ndipo kudamu mumatchaja lina uku mukusewera ndi linzake. Mlamu akabwera pa ndege, mabatire awaike m'chikwama cha m'manja, saloledwa m'masutikesi opita kunsi. Akabwera pa basi, amate tepi pa mapulagi ake kuti asagundane ndi zitsulo, ndipo asunge lisiti poti pachipata a MRA angafunse mtengo wake.

Sipeyala agulire limodzi tsiku lomwelo. Musadalire kuti mukaipeza ku msika wa Tsoka. Mapulopela anayi kapena asanu, shafti imodzi, chiwongolero chimodzi, kabotolo ka girizi wosasukuluka ndi madzi, ndi tepi yomata chivundikiro. N'chifukwa chake ndimati mugule boti la dzina lodziwika. Volantex ndi Feilun ndi otsika mtengo ndipo zida zake zimapezeka pa intaneti. Traxxas ndi Pro Boat ndi apamwamba, koma kuyambira pamenepo kuli ngati kuphunzirira kuyendetsa pa galimoto ya ukwati. Waya akaduka musade nkhawa, anyamata okonza mafoni amawotcherera bwinobwino. Mukaweruka, tsegulani chivundikiro, khuthulani timadzi, chotsani batire, boti liume pamthunzi, shafti muziipaka girizi pafupipafupi.

Koma ndiulule, mwa atatu angawo lomwe ndimalikonda silithamanga n'komwe. Ndi la thanga, DragonForce 65, lotalika masentimita 65. Lilibe mota, limayenda ndi mphepo, batire limangogwira ntchito yokoka thanga ndi kupotoza chiwongolero, ndiye limatha tsiku lonse. Kunsi kuli chitsulo cholemera chomwe chimaliletsa kugadabuka, ngakhale kuti chimafuna madzi ofika m'mawondo kapena kupitirira, ndipo chimakola udzu. Mwera womwe umazunza anzake aja, ukakhala wosapitirira muyeso, kwa ilo ndi phwando. Mdzukulu wanga poyamba ankati ndi la agogo, pano amandilanda rimoti. Komabe mwana wa zaka 9 amene waonera mavidiyo a maboti akuuluka pamadzi akhoza kukukwiyirani mukamubweretsera thanga, mukumudziwa ndinu.

Ine ndikanakhala inu, ndikanamuuza mlamu kuti: la V, lodzitembenuza lokha, masentimita 45, rimoti ya 2.4GHz, mabatire atatu ndi mapulopela. Koma musanamuimbire, Loweruka likubwerali tengani mwanayo mukaone damu lomwe mukuliganizira, mulankhule ndi eni ake, mufunsenso anthu a pafupi ngati muli ng'ona. Mukalipeza labwino mundiuze pompano, ndibwera ndi mtengo wanga wowedzera uja.