Njere zing'onozing'ono za maluwa sizikwiriridwa

Amayi, mwafunsa chifukwa chake petunia ndi snapdragon zomwe munafesa pabedi sizinamere pomwe marigold anamera bwinobwino. Mbewuyo mwina inali yabwino ndithu, koma mwanena kuti munaikwirira ndi dothi, ndiye vuto lili pamenepo. Njere za marigold ndi zinnia n'zazikulu, zili ndi mphamvu yoboola dothi la sentimita imodzi. Za petunia, snapdragon, lobelia, alyssum, begonia ndi portulaca zili ngati fumbi, ndipo zimafuna kuwala kuti zimere. Mukazikwirira zimathera pansi pomwepo. Pansy ndiye wosiyana, amafuna mdima, choncho iyeyo muzimuwaza dothi pang'ono pamwamba.

Musafesenso pabedi. Dulani chigubu cha malita 5 cham'litali kuti chikhale chakuya masentimita 6 mpaka 8, muchiboole pansi ndi msomali wotentha. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino, ndipo la pamwamba penipeni mulisefe. Katondo yekha ayi, akauma amalimba moti mmera umalephera kutulukira. Thirani madzi owira padothilo, lizizire usiku wonse. Kutero kumapha njere za udzu ndi tizilombo towoletsa mbande.

Pofesa, sakanizani njere ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchenga wouma kuti zisaunjikane malo amodzi. Wazani, kenako kanikizani pang'ono ndi kathabwa kuti zikhudze dothi. Basi.

Pothirira m'pamene ambiri amataya mbewu. Madzi othira ndi kapu amakokolola njere zonse kupita m'mbali. Ikani chigubucho m'beseni la madzi akuya masentimita 2 kapena 3, dothi limwe lokha kuchokera pansi. Pamwamba pakada ndi chinyezi, chotsani chigubucho m'madzimo. Vindikirani ndi pulasitiki yoonekera mkati, muike pakhonde powala koma posafika dzuwa la masana, chifukwa pansi pa pulasitiki njere zimapsa. Musaike pansi, nyerere zimatuta njerezi. Pathebulo ndi bwino.

Petunia ndi snapdragon zimamera pakati pa masiku 7 ndi 14, begonia amatha kufika masabata atatu, ndiye musafulumire kutaya dothi. Mukangoona kubiriwira, chotsani pulasitiki tsiku lomwelo. Mukachedwa, mbande zimawola patsinde n'kugwa zokha, nthawi zina chigubu chonse m'masiku awiri. Matendawa amakonda chinyezi chambiri, kuthithikana ndi malo osapita mphepo. Zomwe zagwa sizidzukanso: zulani pamodzi ndi dothi lozungulira, chepetsani madzi, muzithirira m'mawa mokha. Mbande zikamatalika moonda n'kupendekera mbali imodzi, kuwala kwachepa. Zisunthireni pomwe pamafika dzuwa la m'mawa.

Masamba awiri oyamba aja si owerengera. Dikirani atuluke ena awiri enieni, ndiye muzule ndi kamtengo, mutagwira tsamba osati tsinde, muike m'timachubu kapena m'makapu oboola pansi. Feteleza wa mibulu pamsinkhu umenewu amawotcha mizu, manyowa aja akukwanira. Pakatha masabata atatu kapena anayi, zizolowetseni dzuwa kwa sabata imodzi, kuonjezera maola tsiku ndi tsiku, kenako muwokere madzulo. Petunia atalikirane masentimita 25 mpaka 30, alyssum 15.

Nyengo nayo muiganizire. Kuno kwathu pansy, snapdragon, alyssum ndi lobelia zimachita bwino mukafesa mvula ikamatha, m'mwezi wa Epulo kapena Meyi, kuti zikule m'nyengo yozizira. Kutentha kwa Okutobala, makamaka kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire, kumazifooketsa msanga. Kumeneko portulaca ndi amene amapirira. Njere zotsala muzisunge m'botolo louma lotseka bwino, kutali ndi kutentha kwa kukhitchini.