Tiyi wobiriwira ndi mizere yoyera ya m'kamwa: yankho kwa mayi a ku Chibavi

Mayi ena a ku Chibavi andilembera imelo. Akuti patha miyezi m'masaya mwawo muli mizere yoyera yolukanalukana ngati ukonde wa kangaude, ndipo akangolawa ndiwo za tsabola m'kamwa monse mumayaka. Dokotala wa mano anawauza kuti ndi oral lichen planus, n'kuwapatsa mankhwala opaka. Tsopano mwana wawo wawerenga pa intaneti kuti tiyi wobiriwira ali ndi ma antioxidant (zinthu zoteteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke) othandiza matendawa. Funso lawo ndi lakuti: kodi asiye zopakazo, ayambe tiyi?

Mayi, musasiye. Tiyi mutha kumwa, koma abwere pambuyo pa mankhwala, asalowe m'malo mwake.

Matenda anuwa si opatsirana, choncho musadzipatulire kapu yanuyanu pakhomo. Chimene chimachitika n'chakuti asilikali a m'thupi, aja amatiteteza ku matenda, amatembenukira khungu lofewa la m'kamwa n'kumaliwononga. Amagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse, makamaka amayi a zaka zapakati. Kawirikawiri amaoneka m'masaya onse awiri, nthawi zina palilime ndi m'nkhama. Mizere ija madokotala amaitcha dzina la Louis Wickham, dokotala wa ku France amene anaifotokoza mu 1895. Ndi matenda okhalitsa: amazizira, kenako n'kubukanso. Mankhwala opaka monga triamcinolone kapena clobetasol ntchito yake n'kuwagwira dzanja asilikali osokonekerawo.

Nanga tiyi akulowapo bwanji? Tiyi wobiriwira ndi tiyi wathu wa masiku onse amachokera ku chomera chimodzi, Camellia sinensis, chomwe chija chadzadza mapiri a Thyolo ndi Mulanje, ngakhalenso kuno pafupi ku Kawalazi m'boma la Nkhata Bay. Kusiyana kuli ku fakitale. Tiyi wakuda amamusiya kuti mpweya umudetse, pomwe wobiriwira amafulumira kumutenthetsa akangothyola masamba. Potero amasunga ma catechin ambiri, omwe ndi ma antioxidant aja, ndipo wotchuka mwa iwo ndi EGCG. M'malabotale EGCG waonetsa kuti amachepetsa kutupa ndiponso kufatsitsa maselo a chitetezo. Apa ndi pamene panachokera chiyembekezo, ndipo si chiyembekezo chopusa ayi.

Koma mbale ya mulabotale si m'kamwa mwa munthu. Kafukufuku amene wachitika pa odwala matendawa ndi wa magulu ang'onoang'ono, kwa masabata ochepa. Woterowo sangauze munthu kuti ataye mankhwala a kuchipatala. Amene amatsatsa pa Facebook gawo limeneli amalidumpha.

Mukafuna kumwa, chachikulu ndi kutentha. Ife a ku Mzuzu, ndi chifunga cha mu June ndi July chija, timafuna tiyi wotuluka nthunzi, woti kapu uigwire ndi manja awiri. Kwa inu ameneyo ndi mdani, chifukwa amapsereza pamalo pomwe pali kale pachilonda. Madzi akawira asiyeni apume pang'ono, viikani masamba mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo dikirani afike pofunda chabe. Akakhalitsa m'madzi amawawa n'kuumitsa m'kamwa. Mandimu musathiremo. Makapu awiri kapena atatu patsiku akwana. Ngati munauzidwapo kuti magazi ndi ochepa, musamwe pa nthawi ya chakudya, poti tiyi amatchinga ayironi kulowa bwino m'thupi. Ndiye mukapaka mankhwala, khalani mphindi 30 osadya osamwa, tiyi angakokolole zomwe mwangopaka.

Chimene sindikugwirizana nacho ndi makapisozi a tiyi wobiriwira ogulitsidwa m'mabotolo, aja amawanenerera kuti amachepetsanso thupi. Mu 2018 bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA linanena kuti kumwa EGCG wokwana mamiligalamu 800 kapena kuposerapo patsiku kudzera m'makapisozi kumatha kuvulaza chiwindi. Tiyi wofulula m'kapu silinamupeze ndi vuto lotere. Nkhani ya chiwindiyi ndi yofunika kwa inu pa chifukwa chinanso: mwa anthu ena lichen planus amayendera limodzi ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C. Funsani dokotala ngati n'koyenera kuyezetsa.

Kunena zoona, kusintha zina pa mbale kungakupatseni mpumulo msanga kuposa tiyi. Kambuzi ndi Nali ziyambe zapuma. Chinanazi, malalanje ndi tomato wambiri zimalasa. Chimanga chokazinga ndi usipa wouma wokazinga zimakanda m'masaya. Usipawo uphikeni ufewe. Phala, nthochi, mapeyala ndi mbatata yophika zimadutsa mwaulemu. Mswachi ukhale wofewa, ndipo mankhwala otsukira mano akamakuwotchani, sinthani mupeze osalasa. Fodya, kaya wosuta kaya wapamphuno, ndi mowa, izo ndiye ayi ndithu.

Mukamapitanso kuchipatala tengani mankhwala onse amene mumamwa. Ena a BP ndi ena opha ululu amatulutsa mizere yofanana ndi imeneyi, ndipo ndi dokotala yekha woyenera kuwasintha. Mukaona zoyera zonga mkaka wogona zimene zikuchoka mukapukuta, amenewo akhoza kukhala mafangasi, omwe amakonda kubwera munthu akapaka mankhwalawa nthawi yaitali. Ali ndi mankhwala akeake.

Pomaliza pali nkhani imene ambiri safuna kuimva. Mwa odwala pafupifupi mmodzi pa 100, malo odwalawo amadzasanduka khansa ya m'kamwa. N'chifukwa chake muyenera kumaonedwa kamodzi kapena kawiri pachaka, ngakhale pamene simukumva ululu. Chilonda chikatha masabata atatu osapola, pakamera chotupa cholimba, kapena pakayamba kutuluka magazi, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani ku gawo la mano ku Mzuzu Central Hospital, ndipo akanena zodula kanyama kuti akapime, vomerani.