Ntchito yatha, banja latha, ndingoyamba zolemba nkhani basi?

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 43. Chaka chatha kampani yomwe ndinagwirako zaka 11 inachepetsa antchito ndipo dzina langa linali pamndandanda, patangotha miyezi inayi akazi anga ananyamuka ndi ana athu awiri, sindikuwanena ayi, mikangano ya ndalama inali ya tsiku ndi tsiku. Pano ndikugona kwa mng'ono wanga m'kachipinda kosungira katundu. Usiku tulo tikakana ndimalemba nkhani m'kope lakale la masamu la mwana wanga, zinthu zoti ndinazisiya ndili kusekondale, ndipo ndi nthawi yokhayo yomwe mtima umakhala m'malo. Ndalama zomwe kampani inandipatsa pochoka zatsalako pang'ono ndiye ndikuganiza zogula laputopu ndi kamera, ndiziwerenga nkhanizi pa YouTube, zofunafuna ntchito ndisiye. Mng'ono wanga akuti ndapenga. Ndapengadi?

Bambo wa ana awiri

Yankho

Simunapenge bambo, pepani ndithu ndi zonsezi, ziwiri nthawi imodzi si zamasewera. Koma ndalama zatsalazo musazikhudze kaye. Ndibwerezenso, musazikhudze.

Tiyambe ndi YouTube yomwe yakutengani mtimayo. Kuti ayambe kukugawirani ndalama za otsatsa malonda pamafunika anthu 1,000 okutsatirani komanso maola 4,000 omwe anthu aonera mavidiyo anu m'miyezi 12, ndipo si dziko lililonse lomwe dongosololi limagwira. Maola 4,000, ganizani bwino, kuchokera kwa anthu oti sakukudziwani, akungodutsa ndi chala pafoni. Kamera siibweretsa anthu amenewo. Foni yomwe mwalembera kalatayi imajambula kale mawu, yesani nkhani imodzi mutumizire anthu asanu omwe sakuopani, mumve anena chani, kenako tidzakambe za kugula zida.

Ine chomwe chandigwira mtima ndi kope la masamu lija. Munthu amene akulemba usiku popanda womutuma, popanda womulipira, ameneyo ndi wolemba kale, sakufunika chilolezo cha mng'ono wake kapena changa. Vuto ndi loti mukufuna nkhanizo zikuchiritseni mtima komanso zikulipirireni lendi, sukulu ya ana ndi zonse, mwezi uno uno. Mukazisenzetsa katundu yense ameneyo mudzazida, mudzakhala mukuyang'ana pepala ngati munthu wokukongozani.

Anthu amakonda kutchula olemba otchuka omwe anayamba atagwa, koma amadumpha zaka zapakati. Raymond Chandler anachotsedwa ntchito pakampani ya mafuta ku Los Angeles mu 1932 ali ndi zaka 44, iyeyo mowa unalowererapo, zanu nzosiyana. Nkhani yake yoyamba inatuluka m'magazini mu 1933 koma buku loyamba linadzabwera mu 1939, zaka zisanu ndi ziwiri chichokereni pantchito. Toni Morrison banja lake linatha mu 1964 nkutsala ndi ana aamuna awiri, ankadzuka kusanache kulemba ana ali mtulo kenako nkupita kuntchito, buku loyamba 1970 ali ndi zaka 39, ndipo ntchito yapakampani yosindikiza mabuku anadzaisiya mu 1983. Mphoto ya Nobel 1993. Mwaona pamene anasiyira ntchito? Mabuku anali atatuluka kale angapo.

Ndiye makalata ofunsira ntchito pitirizani kutumiza, ngakhale ganyu ikapezeka igwireni, ana aja thandizo lawo lisadikire kuti bambo atchuke. Zolembazo zipatseni ola lake lokhazikika, bola mmawa kusiyana ndi pakati pausiku chifukwa kusagonako nakonso kukapitirira masabata ambiri, kudya osadya, maganizo oipa akumabwera, pitani mukaonane ndi adokotala kapena aphungu, kope palokha silingathe zonse.

Mng'ono wanuyo musalimbane naye, munthu wakupatsani pogona ali ndi mantha ake. Muuzeni tsiku lomwe mukuyembekeza kuchoka, muzithandizako zapakhomo, nkhani ya kupenga izizira yokha.

China, ndikudziwa mayi a ana aja alowamo m'nkhani zanu, sizingalephere, bala likadali laliwisi. Lembani zonse m'kopemo, kalipani mmene mungathere. Koma zomwe zikuwakhudza iwowo musaziike pa intaneti chaka chino, ana anu amadziwa kuwerenga ndipo anzawo akusukulu ali ndi mafoni.